Lachiwiri Kulibe Dokotala

Nsipe, Ntcheu
29 Januwale 2024

Wokondedwa mng'ono wanga Anastazia,

Landira moni wochokera ku Nsipe. Ndikhulupirira uli bwino ku Brampton kumeneko. Ife tilipo, kupatula mvula imene yatithawa. Yadula masabata awiri tsopano, moti chimanga cha kumunda wa kumtunda chayamba kupota masamba ngati anyezi. Kalatayi ndikulembera pa desiki yanga ana a Sitandade 7 atatuluka. Ndiijambula ndi foni monga ndimachitira, poti timabatani tija ine sitindimvera.

Nkhani yanga ndi ya Tony. Mwana wanga anandiimbira komaliza tsiku la Chaka Chatsopano, ndipo sitinamvane bwino. Ankathamangitsa mawu, kusiya nkhani iyi kulumphira ina, kenako n'kundifunsa ngati pabwera anthu kusukulu kudzafunsa za iye. Ndinaseka, ndinayesa nthabwala. Chiyambire tsikulo, zii. Ndikaimba foni siilowa, mauthenga anga sakuwerengedwa.

Kodi ndi ntchito ija ya kuweyahausi, kosungira katundu ku Mississauga, yamufinya? Kapena ndi mayeso a kukoleji? Ngati wapeza kamtsikana kamene kamuiwalitsa amake, usandibisire, ndiseka n'kukhululuka. Munthu wa zaka 23 si wakhanda, ndikudziwa. Koma pamene ankakwera ndege ndinamuika m'manja mwako, ndiye ndifunsa iwe.

Achimwene a William akupereka moni kuchokera ku Lilongwe. Mwendo wawo uja wayamba kupondeka.

Undiyankhe msanga.

Ndine mkulu wako,
Mirriam


Brampton
2 Febuluwale

Achemwali anga okondedwa,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Pepani ndi za mvulazo, tizipempherera pamodzi. Kuno ndi chipale chofewa chokhachokha, kwazizira moti munthu ukatuluka panja mano amawawa.

Za Tony musade nkhawa kwambiri. Ndikumuona pafupifupi tsiku lililonse. Foni yake inatayika m'chipale, sitinagulebe ina. Kuweyahausi wayamba wasiya, akupuma, ndipo akudya bwino kuposa kale. Akakhazikika akuimbirani.

Ine ndatanganidwa kuposa nthawi zonse. Mukudziwa kuti ntchito yanga siili ngati ya anamwino a m'mawodi. Ife amatitcha ma NP. Tinabwerera kusukulu, ndipo timapima odwala patokha, kulemba mankhwala, kutumiza anthu kokajambulidwa, pafupifupi ngati kiliniko ofesala kwathuko. Pakiliniki pathu tilipo awiri, ine ndi Mathilda, mayi wa ku Chipata ku Zambia amene wagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu. Dokotala amabwera Lolemba ndi Lachinayi basi. Koma pali mapepala ena amene lamulo la chigawo chino limati asaine ndi dokotala yekha, ngakhale wodwalayo wapimidwa ndi ife. Bungwe lathu lakhala likupempha kwa zaka kuti zimenezi zisinthe. Kale ndinkangopereka ya umembala n'kumaonera patali. Tsopano ndalowamo ndi miyendo yonse, ndikulemba makalata kwa aphungu tikaweruka.

Mupereke moni kwa achimwene.

Ndine mng'ono wanu,
Anastazia


Area 25, Lilongwe
24 Febuluwale

Kwa mlongo wanga Anastazia,

Moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili bwinoko, ndayamba kuyenda popanda ndodo.

Sindizungulira. Dzulo pa gulu la foni la akulu a mpingo patuluka kanema amene wandiumitsa pakamwa. Anatumiza ndi mwana wa a Sungeni Mtambalika, amene amakhala ku Oakville. Ndinaona chinyumba chachikulu cha miyala yofiirira, akuti ndi nyumba ya malamulo ya ku Toronto. Patsogolo pake khamu la amayi atanyamula zikwangwani. Ndipo amene wagwira chimkuzamawu, akuloza chala kunyumba ya boma la eni, ndi mwana wa bambo anga! Ndinavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Ndiwe ndithu.

Mphepo inkawomba m'kanemamo, sindinamve zonse, ndipo ndinatseka pakati chifukwa cha manyazi. Koma ndamva zokwanira. Mukufuna kuti muzisaina zimene amasaina madokotala. Anastazia, unamwino wakuchepera? Ngati unkafuna udokotala, bwanji sunaphunzire udokotala? Munthu uli ndi nyumba, uli ndi galimoto, ana a abale ako akuphunzira chifukwa cha iwe, ndiye ukakuwe pamsewu ngati mwana wa kuyunivesite? Kwa eni kulibe mkuwe. Anthu amenewo akakwiya n'kukulanda mapepala, ubwera kudzakhala pati? Nanga Tony amene akudalira iwe?

Akulu anzanga akundifunsa ngati walowa chipani. Ndawayankha kuti ndifunsa.

Ndatumiza kanemayo kwa Mirriam kuti naye akulangize, poti akazi mumamvana. Usiye zimenezi, ubwerere kuntchito mwakachetechete.

Ndine mlongo wako,
William Kachingwe


Nsipe
25 Febuluwale

Anastazia,

Achimwene anatseka kanema pakati. Ine ndamvetsera mpaka kumapeto, katatu, foni ndili nayo pakhutu.

Wanena za mnyamata wa zaka 23 wochokera ku Africa, wophunzira pakoleji, wogwira ntchito kuweyahausi. Wati anatuluka pakiliniki panu wopanda jekete. Wati sabata yatha madokotala amudula zala. Kenako mawu anakuthera, mayi wina anakulanda chimkuzamawu.

Sindinapite kutchalitchi.

Mnyamata ameneyo ndi ndani?

Mirriam


Brampton
25 Febuluwale

Achemwali,

Ndi Tony. Ali moyo. Yambani mwagwira mawu amenewa: ali moyo, akundizindikira, dzulo wadya mpunga ndi nyemba zimene ndinamuphikira. Mwakana kuyankha foni yanga kasanu, ndiye ndilemba zonse, osasiyako kanthu.

Kuyambira Novembala Tony sankagona. Anzake awiri amene amakhala nawo m'chipinda chapansi anandiuza pambuyo pake kuti ankaweruka kuweyahausi m'mawa n'kupita molunjika m'kalasi, ndipo akabwerako ankangoyendayenda m'nyumba. Ine ndinkamuona Lamlungu lokha. Ndinaona kuti wawonda, ndinati ndi kutopa.

Lachiwiri pa 16 Januwale, cha m'ma 2 koloko masana, anatulukira pakiliniki. Anali atamata kamera ya foni yake ndi tepi. Anandikokera pakona n'kunong'oneza kuti, "Anti, akundilankhula kudzera m'mapaipi otenthetsera nyumba. Akuti ndikapanda kuchoka ine, afa ndi amayi."

Mbale wako sumupima wekha, choncho ndinaitana Mathilda. Anakhala naye mphindi makumi anayi. Atatuluka anatseka chitseko bwinobwino, nati, "Sisi, uyu mwana ali pa ngozi. Waniuza njira yamene afuna kuzichosela moyo, na malo wasankha kudala. Afunika chipatala lelo, afune asafune."

Kuno kuli pepala lotchedwa Fomu 1. Likasainidwa, munthu amatengeredwa kuchipatala n'kusungidwa mpaka masiku atatu kuti akatswiri a matenda a maganizo amuone, ngakhale iye akukana. Mathilda ankadziwa mawu alionse oyenera kulembapo. Mapepalawo ali m'kabati yathu. Koma saini yake, kapena yanga, ndi yopanda ntchito pamenepo. Amasaina ndi dokotala amene wamuona wodwalayo, ndipo Lachiwiri kulibe dokotala.

Tinaimbira dokotala wathu, anali mkati mothandiza odwala kuchipatala china, foni inangolira. Mathilda anati, "Manje yasala ni polisi. Beve ali na mphamvu yomutenga."

Apa ndi pamene ndinalakwa ine. Ndinakana. Ndinaganiza za mnyamata wakuda, wamtali, wosokonezeka, akuona anthu a mfuti akulowa pakhomo. Ndinaopa kuti athawa kapena alimbana nawo, zinthu n'kuipa. Ndinati ndimunyengerera ndekha.

Ndinalowa, ndinagwada patsogolo pake. "Tony, tiye tikwere galimoto yanga, tikaonane ndi anzanga kuchipatala."

"Simundisiya kumeneko?"

"Sindikusiya."

Anavomera. Ndinathamanga kukatenga galimoto kuseri. Mathilda anali pakhomo la chipindacho, foni ili kukhutu, akuyesa dokotala wina. Tony anati akufuna kuchimbudzi. Mathilda analibe mphamvu yomuletsa. Pafupi ndi chimbudzi pali khomo lotulukira pangozi. Pamene ndinkaimika galimoto kutsogolo, jekete lake linali pampando, iye kulibe.

Apolisi aja tinawaimbirabe, ndipo anatithandiza ndi mtima wonse. Anamusaka mpaka kunja kunacha. Anamupeza ndi dalaivala wa thiraki m'mawa wa Lachitatu, ku Mississauga, atadzipinda m'ngolo ya thiraki yopanda katundu. Anayenda makilomita oposa khumi ndi nsapato za nsalu. Kumene ankafuna kupita sanafikeko, kuzizira kunamufooketsa panjira.

Chisanu cha kuno chimapha mnofu ngati moto. Madokotala anati tidikire milungu ingapo tione zala zimene zitsitsimuke. Pamene ndinkakulemberani kalata ija ndinali kudikira zimenezo. Ndinkati ndikuuzeni zonse pamodzi ndi nkhani yabwino. Tony nayenso, mankhwala atayamba kugwira, anandigwira mkono nati, "Musawauze amayi." Pa 15 Febuluwale anamudula zala zitatu za dzanja lamanja, ndi ziwiri za phazi lamanzere. Chala chachikulu ndi cholozera zatsala.

Patatha sabata kunali msonkhano wa anamwino uja. Sindinakonzekere kulankhula. Wina anandipatsa chimkuzamawu, mkwiyo unalankhula wokha. Dzina sindinatchule, ndinkayesa kuti zithera pomwepo.

M'kalata ija mulibe bodza ngakhale limodzi, koma yonse inali yokunamizani. Ndikhululukireni ngati mungathe.

Anastazia


Nsipe
3 Malichi

Anastazia,

Ndakhala sabata ndisanagwire cholembera. A hedi andipatsa masiku opuma chifukwa Lolemba ndinaima pabolodi choko chili m'manja, osadziwa chimene ndimalemba.

Masiku makumi anayi mwana wanga ali m'chipatala, ine ndikupalira chimanga, ndikuseka ndi anthu pamsika. Anamulowetsa kokamudula ine ndikuchonga makope. Azungu a ku Toronto amva za iye, akulu a mpingo wa achimwene amva, mwana wa a Mtambalika wamva. Womubereka ndamva pomalizira, pa kanema wotumiziridwa. Unali ndi mawu okuwira pamaso pa nyumba ya malamulo, koma unalibe mawu oti undiuze ine?

Ndipo chinthu china sichikundilowa m'mutu. Kuno, pachipatala chaching'ono cha kumudzi, medikolo asisitanti wa zaka ziwiri pantchito amalemba kalata yotumiza munthu kuchipatala cha amisala asanamalize n'komwe kumwa tiyi. Inu awiri, madigiri anu onsewo, m'dziko la ndalama, munaima n'kumaimba mafoni? Pepala lili m'kabati, cholembera chili m'thumba? Ukanasaina, akumange pambuyo pake. Ine ndikanasaina.

Achimwene anamva zoona pa foni. Kenako anati mwina mwanayo anayamba chamba. Ndawauza kuti asadzabwerezenso. Koma pano pa Nsipe zayamba kale kumveka. Ena akuti tinamukhwimira kuti iwe ulemere. Dzulo pachigayo amayi awiri anasiya kulankhula nditafika.

Mathilda wako wanditumizira uthenga wopepesa, ndipo wanena kuti mwaitanidwa kukalankhula pamaso pa komiti ya aphungu pa 21 Malichi. Ankayesa ndikudziwa. Imva bwino: ndakana. Ngati mukufuna kukwezedwa pantchito, kwerani ndi makwerero ena, osati zala za mwana wanga. Ukakatchulanso nkhani yake pagulu, ine ndi iwe tathana.

Mugulire foni. Ndikufuna kumva mawu ake.

Mirriam


Brampton
10 Malichi

Amayi,

Ndi ine Tony. Moni. Ndikutaipa ndi dzanja lamanzere pa laputopu ya anti, ndiye zolakwika muzikonza nokha, ndinu aphunzitsi. Lachisanu pa foni tinangolira tonse, palibe chimene ndinanena. Bola kulemba.

Ndatuluka m'chipatala, ndikukhala kwa anti. Ndikumwa mankhwala, amandigonetsa kwambiri komanso ndanenepa masaya. Mawu aja anasiya. Ndikuphunzira kugwira supuni ndi zala ziwiri. Mabatani a shati ndiye nkhondo.

Anti musawade. Ndinawaletsa ndine kukuuzani. Za kanema zija ndinakwiya nanenso, masiku atatu sindinawalankhule. Anapepesa. Ndipo atalandira kalata yanu anaimbira a bungwe lawo kuti dzina lawo alichotse pa mndandanda wa olankhula. Ndinamva ndili pa sofa.

Ndiye ndinawapempha kuti pamalo pawopo alembe langa.

Amayi, tsiku lija ndikulikumbuka kuposa mmene anthu akuganizira. Ndinapita kukiliniki ndekha, palibe anandituma. Mbali ina ya mutu wanga inkadziwa kuti zinthu zalakwika, ndipo inkafuna munthu woti andigwire asandisiye. Anti Mathilda anandifunsa mafunso onse olondola. Ndinawauza zimene sindinauzepo munthu. Nditamaliza ndinapepukidwa, ndinati basi, andigwira. Kenako ndinawamva pakhomo akuchonderera munthu pa foni kuti, chonde ndipezereni dokotala aliyense. Mawu aja anati, waona, palibe angakuthandize, dzuka. Ndinadzuka.

Si nkhani ya kukwezedwa pantchito. Salandira kanthu akasaina pepala limenelo. M'wodi ndinali ndi anyamata ena awiri, wina wa ku Punjab, wina wa ku Jamaica, onse a m'maweyahausi, onse alibe dokotala wawowawo. Amene timawapeza tikadwala ndi anthu ngati anti.

Zalazo ndi zanga, amayi, nkhaninso ndi yanga. Za anthu a pachigayo sindingazithe ndili kuno. Sindikupempha chilolezo, koma ndikanakonda mutandidalitsa. Ndipatsidwa mphindi zisanu zokha.

Mwana wanu,
Tony


Nsipe
18 Malichi

Mng'ono wanga,

Moni. Kalata iyi uwerenge uli wekha.

Ya Tony ndinailandira. Ndayesa kumuyankha kanayi, mapepala onse ndang'amba. Pali chinthu chimene ndasunga zaka makumi awiri, ndipo mwanayu wachifukula osadziwa.

Bambo ake, a Conrad, sanafe ndi malungo a mu ubongo monga ndinakuuzirani nonse. Iwe unali chaka choyamba kusukulu ya unamwino, ife tikuphunzitsa ku Mchinji, Tony ali ndi zaka zitatu. Anayamba kusagona. Kenako ankati wailesi ikuwatchula dzina, anaikwirira kuseri kwa khitchini. Ndinapita nawo pachipatala chaching'ono cha pafupi. Medikolo asisitanti, kamnyamata koonda, anawamvetsera, nalemba kalata pomwepo. Anati, "Mayi, musagone nawo kunyumba. Ambulansi inyamuka 3 koloko, akafike ku boma, kenako ku Zomba."

Ndinatuluka ndi kalatayo m'manja. Ndinaganiza za ana a sukulu akuimba kuti aphunzitsi apenga. Ndinaganiza za ntchito yawo, za abale awo, za dzina la mwana. Tisanafike pamsewu ndinaing'amba, ndinaponya m'ngalande. Ndinapita nawo kumapemphero. Patatha masiku anayi anawapeza mu mtsinje wa Bua. Bokosi linabwera kumudzi lokhomeratu, ndipo a hedi a kumeneko anandithandiza kusunga mawu akuti malungo.

Ndinakulembera kuti ine ndikanasaina. Ndinanama. Ine anandisainira, ndinang'amba.

Tsiku la Chaka Chatsopano, Tony atandifunsa ngati pabwera anthu omufunafuna, sindinaseke chifukwa choyesa nthabwala. Ndinazindikira mawuwo. Anali a bambo ake. Ndinatseka foni n'kudziuza kuti ndamva molakwa. Panali masabata awiri athunthu oti ndikuimbire, iwe namwino, ndikuuze kuti mwanayo umuyang'ane, m'magazi mwake muli zakuti. Sindinaimbe.

Mkwiyo wonse ndinakuthira uja, theka unali wanga.

Apite akalankhule. Iwenso ubwezeretse dzina lako ngati n'kotheka. Umuuze kuti ndamudalitsa. Ndipo za bambo akezi umuuze ndiwe, umadziwa kayankhulidwe kake ka zinthu zotere. Ine sindingathe.

Mirriam


Brampton
22 Malichi

Achemwali anga,

Kalata yanu ndinaiwerengera m'galimoto, pamalo oimikapo magalimoto a kukiliniki. Odwala awiri oyamba anawaona Mathilda chifukwa sindinathe kutuluka. Ine ndinanyamula nawo nkhata pamaliro a alamu. Ndinakhala nanu m'nyumba ya siwa sabata yonse. Zaka zonsezi, pa fomu iliyonse ya Tony pamene amafunsa za matenda a m'banja, ndinkamuuza kuti alembe kuti palibe. Sindikudziwa kuti ndikwiye kapena ndikulireni. Zonse ziwiri zikuchitika.

Dzulo tinapita. Tinakwera sitima ya m'mawa, ine, Tony ndi Mathilda. Dzina langa linali litachotsedwa kale, ndinakhala kumbuyo. Chipindacho n'chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira, aphungu asanu ndi anayi kuzungulira tebulo, ena akuyang'ana m'mafoni.

Poyamba analankhula dokotala wina wachikulire. Sanali munthu woipa. Anati kulanda munthu ufulu wake masiku atatu ndi chinthu cholemera, ndipo anthu ochita zimenezi asachuluke mwachisawawa. Mathilda anayankha kuti kulemerako akukudziwa, n'chifukwa chake akupempha kuti aphunzitsidwe, ayesedwe mayeso, aziyang'aniridwa ngati madokotala, koma asamaimirire manja ali m'thumba wodwala akutuluka pakhomo.

Kenako Tony. Ndinamumangira ndine mabatani a shati. Anayamba ndi kutchula dzina lake lonse, ndi la kwathu. Pepala analiika pansi n'kulitsamira ndi dzanja lija. Mafoni onse anatsika. Anapitirira mphindi zake, wapampando sanamudule.

Phungu wina wamkazi anamufunsa kuti, "Tsiku limenelo, mukanavomera kusungidwa mokakamiza?"

Tony anati, "Ayi. Ndikanatukwana aliyense. Koma lero ndikanabwera kudzakupatsani moni ndi dzanja lathunthu."

Wapampando anatithokoza, nati zonse zalembedwa ndipo aziunika. Ndi pomwe zathera. Lamulo lili momwe linalili, mwina litenga zaka. Pakiliniki pathu pokha akuluakulu avomera kuti masiku opanda dokotala pazikhala wina woti tingamupeze pa kanema mwamsanga. Dokotala wachikulire uja anatitsatira pakhonde, anapempha nambala ya Mathilda. Kaya zipita kuti. Pobwerera Tony anagona m'sitima, mutu uli paphewa panga.

Madalitso anu ndinamuuza tisananyamuke. Anangogwedeza mutu, koma ndinaona kuti wamva.

Zinazo sindinamuuze, ndipo sindimuuza. Madokotala ake ayenera kudziwa, chifukwa zithandiza posankha mankhwala. Koma iwo amve kwa Tony, ndipo Tony amve kwa inu. Ndinakamba kale nkhani ya mwini kamodzi, mwaona zimene zinachitika. Adzakhala ndi mafunso amene ine sindingayankhe: ankaseka bwanji bambo ake, ankamunyamula bwanji, ananena chiyani m'mawa wa tsiku lomaliza. Mwina akwiya. Mwina atseka foni. Akatero ndidzakhala naye, ndipo Mathilda wavomera kubwera madzulo ake ngakhale sindinamuuze chifukwa.

Mawa Loweruka, 10 koloko m'mawa kuno, kwanuko ikhala 4 koloko madzulo. Mutchajiretu foni, mukhale m'nyumba, mutseke chitseko. Ndidzaimba, ndidzamupatsa foni, ndipo ine ndidzakhala pa masitepe panja mpaka atandiitana.

Muyankhe, achemwali.

Ndine mng'ono wanu,
Anastazia